Nyimbo za mawu a kompyuta zokumbutsa kale: Vocaloid yakale, UTAU kapena za AI zatsopanozi?

Usiku wina ndinatulutsa kanyimbo komwe ndinalemba kalekale, ka mavesi awiri ndi kolasi basi, ndipo ndimafuna kamveke ngati zija tinkamvera cha m'ma 2010, za Hatsune Miku ndi anzake, oyimba a pa kompyuta a ku Japan, zoyikidwa pa intaneti ndi chithunzi chimodzi chosasuntha mpaka nyimbo kutha. Ndinayamba ndi pulogalamu yatsopano ya AI, ndinajambula manotsi, kulemba mawu, kudina kuti iyimbe, ndipo inayimbadi bwino zedi, kupuma pamalo pake, mawu kunjenjemera pang'ono kumapeto kwa mzere ngati munthu woti wayimba zaka zambiri. Koma mumtima munalibe chomwe chinasuntha. Kenako manotsi omwewo ndinawapatsa mawu akale a Kasane Teto, aja a pa pulogalamu yakale yoyimbitsa kompyuta ya UTAU, ndipo pa mzere woyamba womwewo, pomwe mawu anachita ngati apunthwa polumikiza "ka" ndi "ze", ndinangoti chete pampando, mahedifoni m'makutu, zaka zija zonse n'kubwerera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa njira zosiyanasiyana, nde ngati nanunso mukufuna kupanga nyimbo yotere ndikuuzeni zomwe ndaona pa njira iliyonse.

Choyamba timvetsetsane kuti chomwe timachisowa m'nyimbo zija n'chani, chifukwa chimenecho ndi chomwe chikusankhireni pulogalamu. Vocaloid, pulogalamu yoyimbitsa kompyuta yomwe Miku amayimbira, inapangidwa ndi Yamaha, ntchito inayamba mu 2000 motsogozedwa ndi Hideki Kenmochi mogwirizana ndi yunivesite ya Pompeu Fabra ku Barcelona, ndipo mawu oyamba kugulitsidwa anali a Leon ndi Lola, achingerezi, mu 2004, kenako Meiko chaka chomwecho ndi Kaito mu 2006. Kagwiridwe kake ntchito kanali kotere: amamujambula woyimba weniweni akutchula timawu tating'onoting'ono, n'kutiduladula, kenako inu mukalemba manotsi pulogalamuyo imatola tizidutswa tija, kutikweza kapena kutitsitsa kuti tifike pa notsi yomwe mwafuna, n'kutilumikiza. Polumikizirapo ndi pomwe pamakhala kachizindikiro, ngati msoko pa chovala. Kachitsulo kaja kamamveka m'mawu a Miku akakwera pamwamba, ka "s" kowala mopitirira, kusapuma mpaka mzere wonse kutha, zonsezo ndi misoko imeneyo. Panthawiyo opanga nyimbo ankalimbana nazo kuti azibise, koma ife omvera makutu athu anazisunga, ndipo lero tikazimva ndi zomwe zimatikumbutsa chipinda chomwe tinkakhala, foni yomwe tinali nayo, mnzathu yemwe anatitumizira nyimboyo.

Nde njira yoyamba, yomwe aliyense amayamba kuiganiza, ndi Vocaloid yeniyeniyo. Miku anatuluka pa 31 Ogasiti 2007 pa Vocaloid 2, kampani yake Crypton Future Media ya ku Sapporo, mawu ake ochokera kwa Saki Fujita. Kagamine Rin ndi Len anatsatira mu Disembala chaka chomwecho, onse awiri mawu a mayi mmodzi Asami Shimoda, Megurine Luka mu Januwale 2009, Gumi wa kampani ya Internet Co. pakati pa 2009. Nyimbo zambiri zomwe anthu amazitchula akamakamba za nthawi ija, kuyambira Melt ya wopanga nyimbo wotchedwa ryo ya mu Disembala 2007 mpaka za anzake wowaka ndi Hachi za cha mu 2010, mawu ake ndi a m'badwo umenewu. Mukaupeza mawuwo ndi omwewo enieni, simuvutika kuwayerekeza. Vuto lake ndi loti Vocaloid 2 ndi pulogalamu yakale ya Windows, inapangidwira makompyuta a nthawi ya XP ndi Vista, imafuna nambala ya layisensi kuti itseguke, ndipo mukagula bokosi lomwe wina anagwiritsapo kale ntchito mutha kupeza kuti nambalayo inatha ntchito. Zotenga m'malo obisika pa intaneti zija sindikulimbikitsani, ndi kuba, komanso ndi njira yachidule yolowetsera vayirasi mu laputopu.

Chomwe anthu ambiri amachita ndi kugula Miku V4X ya mu 2016, yomwe imabwera ndi pulogalamu yolembera ya Piapro Studio ndipo muli mawu otchedwa Original pamodzi ndi Soft, Solid, Dark ndi Sweet. Akadali mawu a tizidutswa tolumikiza, nde kachitsulo kaja kalipo, kungoti ndi oyera kuposa a 2007, anawakonzakonza. Kwa ine akufika pafupi kwambiri, munthu wamba sangasiyanitse mukawayika mkati mwa zing'wenyeng'wenye. Mungosamala osasokoneza ndi Miku NT ya mu 2020, imeneyo siyendera injini ya Yamaha ndipo kamvekedwe kake ndi kena, ena amaikonda koma si mawu aja mukuwafunawo. Chimodzimodzi Vocaloid 6 ya mu 2022, ili ndi mawu a AI atsopano, koma ubwino wake imathabe kutsegula mawu akale a m'badwo wachitatu, wachinayi ndi wachisanu, nde mukakhala nayo sankhani akalewo.

Koma dziwani kuti Vocaloid yakale imafuna kutchuna, ndipo kutchunako ndi ntchito yodya nthawi. Pansi pa manotsi pamakhala mizere yomwe mumajambula ndi mausi, DYN ya mphamvu ya mawu, BRE ya mpweya, BRI ya kuwala kwa mawu, GEN yomwe imawapangitsa kumveka achimuna kapena achitsikana, PIT yopindira notsi. Ndinakhalapo maola awiri pa liwu limodzi lokha, ndikukokera kamzere ka PIT m'munsi pang'ono pomwe notsi ikuyamba kuti mawu achite kukwera kuilowa, osangoigwera, kumvera, kufufuta, kujambulanso. Nayi mfundo yomwe ndinachedwa kuizindikira: ngati cholinga ndi kukumbutsa kale, musatchune kwambiri. Opanga nyimbo ambiri a 2007 ndi 2008 anali ophunzira kumene, ankasiya manotsi ali mowongoka, n'kuyikako kunjenjemera kuja pulogalamu imayika yokha pa notsi yaitali. Mukasalaza chilichonse mwachotsa chomwe mumachifuna chija.

Njira yachiwiri ndi UTAU, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi yomwe ndimaikonda. Inapangidwa ndi munthu mmodzi wodzitchula Ameya/Ayame, inatuluka mu Malichi 2008, yotenga ulele, ndipo kusiyana kwake ndi Vocaloid n'koti mawu ake ndi mafayilo a wav wamba ali mu foda, aliyense atha kujambula ake. Kasane Teto amene ndamutchula uja anayamba ngati bodza la pa 1 Epulo 2008, anthu a pa 2channel, tsamba lochezera pa intaneti la ku Japan, ananamiza anzawo kuti kukubwera Vocaloid watsopano, atajambula mtsikana wa tsitsi lofiira lopotana mbali zonse ziwiri, kenako nthabwalayo inakula mpaka Mayo Oyamano anamupatsa mawu enieni pa UTAU. Mawu a Teto akalewo ndi okhakhala, ali ndi kamphuno, akakwera amachita ngati akung'ambika pang'ono, ndipo palibe pulogalamu yatsopano yomwe ndaimva ikutulutsa zimenezo. Palinso Defoko, mawu omwe amabwera ndi UTAU yomweyo, amenewo ngochokera ku makina olankhula a AquesTalk osati kwa woyimba, nde ndi a loboti mapeto, mukafuna kumveka ngati masiku oyambirira enieni ndi amenewo.

Zovuta zake zilipo ndithu. UTAU yoyambirira imafuna kuti Windows yanu muisinthe izitha kuwerenga zilembo za Chijapani, mukapanda kutero mayina a mafayilo amasanduka zizindikiro zosamveka ndipo woyimba wanu amangokhala duu. Anthu ambiri amagwa mphwayi pomwepo. Mwamwayi pano kuli OpenUtau, yaulele, yomwe anthu odzipereka amaikonza pamodzi, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, imatsegula mawu akale omwewo popanda chipwirikiti chija ndipo mutha kuyika oyimba angapo mu nyimbo imodzi. Ine ndingati yambirani pamenepo. Chinthu china choti mudziwe ndi resampler, kapulogalamu komwe kamakoka ndi kupinda mawuwo, ndipo mawu amodzi omwewo amamveka mosiyana mukasintha resampler, wina amawasalaza wina amawasiya ndi mchenga wake. Pofuna zakale sankhani wosiya mchengayo. Komanso mawu a UTAU amabwera m'mitundu, a CV ndi aja phatikizo lililonse lili palokha, "ka" payekha "sa" payekha, amamveka modukaduka, pomwe a VCV anajambulidwa molumikiza ndipo amayenda mosalala. Nyimbo za UTAU zoyambirira zinali za CV, kudukaduka kumeneko ndiye kukoma kwake.

Ndinayesaponso kujambula mawu anga. Mumakhala ndi mndandanda wa maphatikizo, mayiki patsogolo, mukutchula lililonse pa notsi imodzi yomweyo, a, i, u, e, o, ka, ki, ku, mpaka kukhosi kuuma, kenako imabwera ntchito ya oto.ini, pomwe mumatsegula fayilo iliyonse n'kuuza pulogalamu kuti phokoso lenileni likuyambira apa, lembo lopanda liwu likuthera apa, gawo loti lizikokedwa notsi ikatalika ndi ili. Pa sikirini mumaona funde la mawu anu, mbali zodulidwa zili za buluu, gawo losakokedwa lili la pinki, mukusuntha timizere ndi mausi pang'onopang'ono. Mukalakwitsa kamzere kamodzi "ta" wanu amachedwa kulowa ndipo nyimbo yonse imatsimphina. Koma tsiku lomwe ndinamva mawu anga akuyimba notsi yomwe pakamwa panga sindingaifike, atasanduka theka munthu theka makina, ndinamvetsa chifukwa chake anthu masauzande anachita zimenezi kwa zaka zonsezi popanda wowalipira.

Pali kaubwino kena ka mawu a Chijapani, kaya a Vocaloid kaya a UTAU, komwe ife olankhula Chichewa tili nako mwamwayi. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu ngati athu, ndipo maphatikizo ake amathera pa lembo la liwu ngati athu, nde mzere ngati "usiku wa mawa" woyimba wa Chijapani amautchula pafupifupi bwinobwino mukaulemba phatikizo ndi phatikizo. R wawo ali pakati pa l ndi r, zomwe kwa ife si vuto. Mawu ngati "mba" ndi "nda" mumawapanga poyika kanotsi kakafupi ka "n" patsogolo. Pomwe pamavuta ndi pa "ng'", "psa", "bza", ndi kusiyanitsa "pa" ndi "pha" kapena "ta" ndi "tha", pamenepo mumachita kuzembera posankha mawu ena kapena kujambula maphatikizo anuanu pa UTAU, zomwe pa Vocaloid simungathe. Mawu achingerezi a m'mapulogalamuwa amapotoza malembo a liwu athu, ine ndinawasiya.

Njira yachitatu ndi Synthesizer V ya kampani ya Dreamtonics, yomwe anayambitsa Kanru Hua. Inatuluka mu 2018, mtundu wa Studio mu 2020, kenako mawu a AI, ndipo kunena zoona pa kumveka ngati munthu iyi ili patsogolo kwambiri. Siilumikiza tizidutswa ayi, inaphunzira kayimbidwe ka munthuyo kuchokera ku nyimbo zomwe anajambula, nde imadzipangira yokha popumira, popindira, pofewetsera, ndipo woyimba mmodzi atha kuyimba Chijapani, Chingerezi ndi Chitchaina cha Mandarin ngakhale mwini mawuyo anajambula chinenero chimodzi. Kwa munthu woti alibe nthawi yotchuna, kapena akufuna womvera amve liwu lililonse la m'nyimbo, palibe yoposa iyi mwa zomwe ndayesa. Ndipo pali mpata wabwino woyerekezera, chifukwa mu Epulo 2023 Teto anatuluka pa Synthesizer V, mawu a mayi yemwe uja, patapita zaka 15. Mverani awiriwo motsatizana pa nyimbo imodzi. Watsopanoyu ndi wamphamvu, womveka, ndi amene wapangitsa kuti Teto atchuke kwa ana omwe mu 2008 anali asanabadwe. Koma amamveka ngati woyimba ali mu situdiyo lero lino, pomwe wakale uja amamveka ngati uthenga wochokera kutali womwe wadutsa m'mawaya ambiri usanakufikeni.

Mutha kuikakamiza Synthesizer V kuti imveke yakale, mumazimitsa zoti izidzipindira mawu yokha, manotsi n'kuwasiya mowongoka, mpweya n'kuuchepetsa, pomaliza n'kudula mawu apansi ndi apamwamba posakaniza. Zimafikako penapake. Koma ndimaona kuti ndi ntchito yobwerera m'mbuyo, kugula chinthu chosalala kuti uchikande, pomwe chokandika kale chilipo chaulele. Pomwe ndingaisankhe ndi pamene kukumbutsa kwake kuli m'mawu a nyimboyo osati m'kamvekedwe, mwachitsanzo nyimbo yofatsa ya piyano yokamba za munthu amene anachoka, pamenepo mawu ofewa onga a munthu amathandiza kuposa a loboti.

CeVIO AI, VoiSona ndi NEUTRINO ndizidutsa mwachangu. CeVIO AI inatchuka ndi Kafu mu 2021, mawu ampweya onong'ona, ndipo kwa achinyamata omwe anayamba kumvera nthawi ya Covid ali kwaokha m'nyumba amenewo ndiye mawu awo akale, nde ngati omvera anu ndi amenewo iganizireni. VoiSona ndi ya Techno-Speech, ya m'banja lomwelo, imabwera ndi woyimba waulele Chis-A, yabwino poyesera musanawononge ndalama. NEUTRINO ya mu 2020 ndi yaulelenso, mumaipatsa manotsi olembedwa mu fayilo ya MusicXML iyo n'kuyimba yokha, koma simukhala ndi mphamvu zambiri pa momwe ikuyimbira. Zonse zitatu ndi za m'badwo wa AI, msoko uja mulibe.

Yomaliza ndi yomwe anthu ambiri amandifunsa, yotenga mawu a woyimba weniweni, makamaka amene anamwalira, n'kuwaveka pa nyimbo ina pogwiritsa ntchito timapulogalamu tosinthira mawu ngati RVC tomwe tinafala mu 2023. Ndikumvetsa chifukwa chake imakopa, palibe chokumbutsa kale kuposa mawu a munthu amene sitidzamumvanso. Koma onani zomwe zinachitika ku Japan komweko. Misora Hibari, woyimba wotchuka wa kumeneko, anamwalira mu 1989, ndipo pa 31 Disembala 2019 Yamaha ndi wailesi ya kanema ya NHK anamuyimbitsa nyimbo yatsopano ndi AI pa pulogalamu yawo yaikulu yotsekera chaka ya Kohaku, zonse mwachilolezo, akatswiri atagwira ntchito miyezi. Ena analira ndi chisangalalo, koma ena ambiri, kuphatikizapo oyimba anzake, anati n'kusalemekeza womwalira. Ngati zinavuta chomwecho pali chilolezo, nanga inu nokha m'chipinda popanda kufunsa aliyense? Saki Fujita, Asami Shimoda, Mayo Oyamano, onsewa analowa mu situdiyo akudziwa kuti mawu awo adzayimba nyimbo za anthu osawadziwa, anavomera. Woyimba amene mwamutengera mawu pa chimbale chake sanavomere. Ine njira imeneyi sindiigwiritsa ntchito ndipo sindingakulangizeni, kupatulapo ngati mawuwo ndi anu omwe kapena mwiniwake wakulolani.

Mukasankha mawu musaiwale kuti theka la kukumbutsako lili kumbuyo kwa woyimbayo. Nyimbo za nthawi ija zinkapangidwa ndi munthu mmodzi pa kompyuta imodzi, piyano yowala yothamanga, ng'oma za pulogalamu zogunda mofanana ndendende, gitala yomwe nthawi zambiri sinali gitala yeniyeni, mawu a woyimba atakwiriridwa pang'ono m'kati mwa zonsezo moti umachita kutchera khutu. Kenako Nico Nico Douga, webusaiti ya makanema ya ku Japan komwe nyimbozi zinkayikidwa, yomwe inayamba mu Disembala 2006, inkafinya mafayilo kuti achepe, nde zonse zinkamveka zopyapyala pang'ono. Mukayika mawu a Miku akale pa biti yamakono yonenepa ndi besi yogwedeza nyumba, zimamveka ngati nyimbo ya lero yomwe yabwereka mawu akale. Chepetsani zida, siyani malo, ndipo musaope kuti ng'oma zikumveka za makina.

Kunena mosabisa, wondifunsa lero ndimamuuza kuti ayambe ndi OpenUtau ndi mawu a CV a Teto kapena Defoko, apange nyimbo imodzi yathunthu, aone ngati kutchuna kukumusangalatsa. Akaona kuti mtima wake uli pa Miku kapena Rin ndi Len basi, asunge ndalama agule V4X. Synthesizer V aisungire nyimbo zomwe zikufuna munthu. Ndipo chilichonse chomwe mwapanga sungani mafayilo ake, manotsi, foda ya mawu, resampler yemwe munagwiritsa ntchito, zonse pamalo awiri. Mu Juni 2024 akuba a pa intaneti anaukira kampani ya Kadokawa, eni ake a Nico Nico, ndipo Nico Nico inatsekedwa pafupifupi miyezi iwiri, mpaka mu Ogasiti, ndipo nyimbo zambiri zazing'ono za 2008 ndi 2009 zomwe eni ake sanaziyikepo kwina kulikonse sizimapezeka nthawi yonseyo. Ndinali ndi imodzi yomwe ndimaifuna masiku amenewo, ya munthu amene anangopanga nyimbo zitatu n'kusowa, ndinaisaka paliponse osaipeza mpaka tsambalo litabwerera.

Kanyimbo kanga kaja ndinakamaliza ndi Teto wakale. Pa kolasi pali malo pomwe "ze" amalowa mochedwa pang'ono, ndinatsegula oto.ini kuti ndikonze, ndinasuntha kamzereko, ndinamvera, kenako ndinakabwezera pomwe kanali.